Kupalasa njinga m'mbali mwa mtsinje wa Loire: kakonzedwe ka ulendo wa sabata imodzi

Loire ndiwo mtsinje wautali kuposa yonse mu France, makilomita opitirira pang'ono 1,000, ndipo m'mphepete mwake mudalambulidwa njira ya njinga yotchedwa La Loire à Vélo. Njirayi ndi ya makilomita pafupifupi 900, kuyambira ku Cuffy kufupi ndi Nevers mpaka ku Saint-Brevin-les-Pins, kumene mtsinjewu umathira m'nyanja ya Atlantic. Nambalayo isakuopseni, palibe akukukakamizani kuimaliza yonse. Chigawo chimene ndikukulangizani ndi chapakati, kuchokera ku Orléans kukathera ku Saumur, makilomita 250 mpaka 300 malinga ndi mokhotakhota mwanu. Munthu wamba, wongodziwa kupalasa basi, amachiyenda m'sabata imodzi osavutika.

Ambiri pokonzekera nkhawa yawo imakhala pa miyendo. Komatu dera ili ndi lachidikha, zitunda n'zowerengeka. Chimene chimasautsa alendo ndi nthawi. Midzi ya ku France ili ndi ola lotsegulira, ola lotsekera ndi ola lodyera, ndipo wopalasa amene sakulidziwa ola limeneli amagona ndi njala ndalama zili m'thumba.

Yambani ndi mapepala, kenako mwezi

Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa, mufunika viza ya alendo ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France, imene imalola masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Ngakhale mukukhala ku London kapena ku Manchester ndi chilolezo chokhalira ku Britain, bola pasipoti ikadali yakwathu, viza ikufunikabe. Fomu yake imayambira pa intaneti, pa tsamba la France-Visas, ndipo pomwepo mudzaona kumene mungakapereke mapepala malinga ndi dziko limene mukukhala. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wa munthu wamkulu ndi mayuro 90. Amafunanso inshuwalansi ya pa ulendo yotha kulipira chipatala ndalama zosachepera mayuro 30,000, umboni wa ndalama, ndi umboni wa kumene mukagone. Pa kogonapa ndi pamene ulendo wa njinga umasiyana ndi maulendo ena: simugona malo amodzi, choncho sungitsani malo a usiku uliwonse musanapemphe viza, ndipo lembani pa pepala limodzi ndondomeko ya tsiku ndi tsiku. Amalandira pempho kuyambira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike. Musadikire mwezi womaliza.

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Seputembala. Mu Juni, kwathu tikuotha moto, kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye ngakhale mutachedwa panjira mdima sukupezani. Julayi ndi Ogasiti ndi nyengo ya tchuthi cha sukulu: malo ogona amadzadza, mitengo ya zinthu imakwera, ndipo masiku ena kumatentha koopsa. Ine ndimakonda Seputembala, pamene akukolola mphesa ndipo m'mawa kumakhala kamphepo kozizira.

Sankhani kolowera

Mtsinje umatsikira kumadzulo, ndipo anthu ambiri amautsatira poganiza kuti akutsetsereka. Kutsetsereka kwake n'kochepa moti miyendo siizindikira n'komwe. Chimene miyendo imazindikira ndi mphepo, ndipo mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kumadzulo, ku nyanja. Ndiye wochoka ku Orléans kupita ku Saumur nthawi zambiri imamuomba kumaso, pamene wochoka ku Saumur imamukankha kumsana. Ngati muli ndi ana kapena munthu amene sanapalase kwa zaka zambiri, yambirani ku Saumur. Ndondomeko ili m'munsimu ndailemba motsata mtsinje poti Orléans ndi pafupi ndi Paris, ola limodzi ndi mphindi zingapo pa sitima kuchokera ku siteshoni ya Austerlitz, koma mutha kuitembenuza.

Pa tsiku musapitirire makilomita 50. Wakabaza akhoza kuseka, poti mtunda umenewu amauyenda atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, koma iye ali pa ntchito. Inu mwalipira ndege kuti mukaone dziko. Makilomita 35 mpaka 45 ndi maola atatu kapena anayi pa chishalo, otsalawo ndi oima, kudya ndi kusuzumira m'matchalitchi akale.

Njinga: bwerekani komweko

Kunyamula njinga yanu pa ndege n'kotheka, koma kumafuna bokosi, ndalama zowonjezera ndi kuimasula zidutswazidutswa. Pa sabata imodzi n'kudzivutitsa chabe. Ku Orléans, Blois, Amboise, Tours ndi Saumur kuli mashopu obwereketsa njinga, ndipo angapo amalola kutenga mu mzinda wina n'kukasiya mu mzinda wina, mukawonjezera ndalama pang'ono. Funso limeneli likhale loyamba powalembera. Pemphani mtundu umene iwo amautchula VTC, ya magiya, matayala osanenepa komanso osaonda kwambiri, yokhala ndi kaliyala ndi zikwama ziwiri zopachika m'mbali. Ziliponso zamagetsi zimene zimathandiza kupalasa mpaka liwiro la makilomita 25 pa ola. N'zabwino kwa amene maondo amawavuta, kungoti n'zolemera pozikweza mu sitima, ndipo batire limafuna kutchaja usiku uliwonse.

Tsiku lotenga njinga musathamange kuchoka pa shopu. Kwerani, zungulirani kaye kamsewu ka pafupi. Chishalo chikwezedwe mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi. Chikatsika kwambiri, maondo adzayamba kulira tsiku lachiwiri. Kenako finyani mabuleki limodzilimodzi muone lililonse likugwira tayala liti. Njinga za ku France kawirikawiri dzanja lamanzere ndilo limagwira tayala lakutsogolo, pamene za ku Britain ndi lamanja. Wofinya lakutsogolo mwadzidzidzi akuganiza kuti ndi lakumbuyo amadumphira kutsogolo kwa mahandulo. Onaninso kuti akupatsani pampu yogwirizana ndi mavavu a matayala anu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, tizitsulo tochotsera tayala, loko wolimba, belu ndi nyali. Ngati simunamatepo chubu, phunzirani muli kwanu. M'midzi ya kumeneko simudzapeza wokonza njinga pansi pa mtengo, ndipo shopu yapafupi ikhoza kukhala makilomita 20 kutsogolo, yotsekanso.

Masabata angapo ulendo usanafike, muzipalasa maola awiri kapena atatu Loweruka ndi Lamlungu motsatizana. Cholinga si kulimbitsa miyendo kwenikweni, koma kuzoloweretsa pokhalira. Gulani kabudula wa njinga wokhala ndi kasiponji mkati, awiri ngati n'kotheka, wina aziuma wina ali m'thupi.

Kogona ndi katundu

Posankha malo, yang'anani chizindikiro cha Accueil Vélo. Malo okhala nacho amakhala pa mtunda wosapitirira makilomita 5 kuchokera pa njira ya njinga, ali ndi posungira njinga potetezeka ndi zipangizo zokonzera zazing'ono. Mitundu ya malo ndi yosiyanasiyana. Chambre d'hôtes ndi zipinda zochepa m'nyumba ya banja, kadzutsa ali mu mtengo womwewo, ndipo mabanja ena amaphikanso chamadzulo mukawauziratu dzulo lake. Gîte d'étape ndi yotsika mtengo, nthawi zina mogona ambiri chipinda chimodzi. Pali mahotela ang'onoang'ono m'matauni, palinso misasa ya matenti ya makhonsolo m'mphepete mwa mtsinje kwa amene safuna kuwononga ndalama. Kwa munthu wofika koyamba ndingasankhe nyumba za mabanja, chifukwa mwini nyumba ndi amene adzakuuzeni kuti shopu ya buledi ya m'mudzimo imatseka tsiku liti. Dziwani kuti ambiri salandira alendo isanakwane 4 kapena 5 koloko madzulo, ndipo mukachedwa amayembekeza kuti muimbe foni.

Katundu achepe: zovala zopalasira ziwiri, zovala zamadzulo, jekete la mvula, juzi yopepuka, chipewa choteteza mutu, magalasi a dzuwa, mabotolo awiri a madzi, kampeni, ndi kapulagi kolowa m'masoketi a ku France, omwe ndi a timabowo tozungulira. Sutikesi yaikulu isiyeni ku hotela yoyamba, kapena lipirani makampani amene amanyamula katundu kuchoka pa malo ogona ena kukasiya pa ena.

Pa msewu

Ku France amayenda kumanja. Tonsefe a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Britain tidazolowera kumanzere, ndipo thupi limabwerera ku chizolowezi pa nthawi ziwiri: m'mawa ponyamuka, ndi pochoka pamene munaima kudya. Mangani kansalu pa handulo yakumanja kazikukumbutsani. Pa raundabauti amazungulira kulowera kumanja, ndiye galimoto yoti muipatse mpata ikuchokera kumanzere kwanu. Pali lamulo linanso limene limadzidzimutsa alendo: pa mphambano yopanda chikwangwani chilichonse, wochokera kudzanja lamanja ndiye amayamba kudutsa, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono. M'midzi muli mphambano zotere zambiri.

Kupalasa mutatseka makutu ndi mahedifoni n'koletsedwa kuyambira 2015, chindapusa chake mayuro 135. Ana osakwana zaka 12 ayenera kuvala chipewa choteteza mutu. Usiku kapena kukachita chifunga kunja kwa tauni muyenera kuvala chovala chonyezimira. Malire a mowa m'magazi, magalamu 0.5 pa lita, amakhudzanso wapanjinga, ndipo izi muzikumbukire bwino chifukwa njira yonseyi ikudutsa m'minda ya mphesa, ndipo eni ake amalawitsa vinyo mowolowa manja. Pa ngozi imbani 112.

Zikwangwani za njirayi n'zazing'ono, zoyera ndi zobiriwira, zokhala ndi chithunzi cha njinga, dzina la mudzi wotsatira ndi mtunda wake. Pena mumayenda m'njira ya njinga ndi oyenda pansi okhaokha, pena mu timisewu ta kumudzi momwe mumadutsa galimoto imodziimodzi ndi mathirakitala. Sungani mapu mu foni kuti azitseguka popanda intaneti, poti chikwangwani chimodzi chikabisika ndi masamba mutha kupitirira makilomita angapo.

Wotchi ya m'mudzi

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse. Kadzutsa wa ku France ndi wopepuka: buledi, batala, jamu, khofi. Ikamakwana 11 koloko m'mimba mwayamba kale kulira. Malo odyera a m'midzi amalandira anthu a nkhomaliro kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, ndipo ambiri ikangodutsa hafu pasiti wani amakupukusirani mutu mwaulemu. Akatseka khitchini, atseka mpaka 7 koloko madzulo. Pa maola omwewo a nkhomaliro mashopu ang'onoang'ono nawo amatseka, eni ake apita kukadya. Lamlungu masana pafupifupi chilichonse n'chotseka, ndipo Lolemba mashopu ambiri a m'midzi satsegula n'komwe.

Choncho kamba wa tsikulo mugule m'mawa musanatuluke m'tauni imene mwagona. Lowani m'shopu ya buledi, pakhomo pake pamalembedwa Boulangerie. Mawu oyamba akhale "Bonjour madame" kapena "Bonjour monsieur", musanaloze chilichonse. Wolowa chete n'kuyamba kuitanitsa amamutenga ngati wopanda mwambo, ndipo nkhope ya wogulitsa imasinthiratu. Gulani buledi wautali uja, mumuthyole pakati kuti akwane m'chikwama. Pa msika kapena mu golosale onjezani tomato, zipatso ndi tchizi. Yesani tchizi cha mkaka wa mbuzi chotchedwa Sainte-Maure de Touraine, chobulungira motalika, chotuwa kunja, chokhala ndi kaphesi kodutsa pakati pake. Rillettes wa ku Tours ndi nyama yophikidwa mpaka kufewa, yopaka pa buledi, koma osadya nkhumba adziwe kuti ndi ya nkhumba, monganso zambiri zimene zimapachikidwa m'mashopu a nyama.

Mukafuna chakudya chotentha, nyamukani 9 koloko kuti 12 koloko ikupezeni pa mudzi wokhala ndi malo odyera, ndipo itanitsani chakudya cha tsikulo, cholembedwa ndi choko pa bolodi pakhomo, plat du jour. N'chotsika mtengo kuposa cha madzulo. Madzi a pa mpope ndi aulere mukapempha "une carafe d'eau". Mukangoti madzi, akubweretserani a m'botolo olipira.

Madzi akakutherani panjira, opalasa njinga a ku France amadziwa kopita: kumanda. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi manda otchingidwa ndi mpanda wamiyala, geti losakhoma masana, ndipo kuseri kwa getilo kuli mpope wothiririra maluwa, zitini zothiririra zitapachikidwa pambali. Kwa ife amene tidakula tikudziwa kuti kumanda sulowa popanda chilolezo cha mfumu, phazi limalemera pa geti limenelo. Kumeneko si mlandu. Lowani mwakachetechete, tungani, tsekani geti. Koma mukaona palembedwa "eau non potable", madziwo si akumwa.

Masiku asanu ndi awiri

Tsiku loyamba likhale lalifupi, Orléans mpaka Beaugency, makilomita pafupifupi 30, kudutsa Meung-sur-Loire. M'mawa muone kaye tchalitchi chachikulu cha Orléans, mzinda umene Jeanne d'Arc, mtsikana wotsogolera asilikali a France, adauombola m'manja mwa Angerezi mu 1429. Beaugency mumaizindikira ndi mlatho wake wakale wamiyala. Tsiku lachiwiri, mukadutsa nsanja zofuka nthunzi za malo opangira magetsi a nyukiliya a Saint-Laurent, siyani mtsinje pa Saint-Dyé-sur-Loire mulowe m'nkhalango ya Chambord. Nyumba yachifumu ya Chambord adayamba kuimanga mu 1519 pa ulamuliro wa mfumu François I, ndipo nkhalango yake idazunguliridwa ndi mpanda wa makilomita 32. Pakati pa nyumbayo pali masitepe awiri opotana: wina akwere mbali iyi, wina mbali inayo, muzionana pa timawindo koma osakumana mpaka pamwamba. Kagoneni ku Blois.

Tsiku lachitatu ndi Blois mpaka Amboise, kupitirira pang'ono makilomita 40, nkhomaliro ku Chaumont-sur-Loire. Ku Amboise gonani masiku awiri. Kumeneko kuli Clos Lucé, nyumba imene katswiri wojambula wa ku Italy, Leonardo da Vinci, adamwaliriramo mu 1519, ndipo tsiku lachinayi, zikwama zitatsala kuchipinda, mupalase makilomita pafupifupi 15 kupita ku Chenonceau. Nyumba yachifumu iyi idamangidwa pamwamba pa mtsinje wa Cher ngati mlatho. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mtsinjewo unali malire a dera lolamulidwa ndi Germany, moti khomo lina la holo yake yaitali yodutsa pamwamba pa madzi linali mbali ya adani, lina mbali inayo, ndipo anthu ankathawitsidwa podutsa m'menemo. Fikani m'mawa mabasi a alendo asanadzadze.

Langizo langa pa nyumba zachifumuzi: musalowe m'zonse. Iliyonse ili ndi mtengo wake wolowera, ndipo mukafika yachinayi mabedi a mafumu amayamba kufanana. Sankhani zitatu, zinazo muzione muli pa chishalo.

Tsiku lachisanu muli tizitunda pang'ono m'minda ya mphesa ya Montlouis-sur-Loire, kenako mzinda wa Tours, kenako njira yosalala yotsata Cher mpaka Villandry. Villandry musaidumphe, makamaka ngati mumalima dimba. Joachim Carvallo adagula malowa mu 1906 n'kukonzanso minda yake, ndipo mbali yotchuka ndi dimba la ndiwo zamasamba: kabichi, karoti, letesi ndi zina, zobzalidwa m'mabwalo asanu ndi anayi mosakaniza mitundu ngati nsalu yopeta. Kwerani pamwamba pa nsanja kuti muone mapangidwe ake onse.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mumayenda pamwamba pa chikhoma chadothi chotchinga madzi osefukira, kudutsa Bréhémont ndi Rigny-Ussé, mpaka Chinon pa mtsinje wa Vienne. Pa chikhomapo palibe mthunzi, ndipo mphepo imakupezani popanda chotchinga, ndiye dzadzani mabotolo onse awiri. M'makoma a nyumba zina za m'mphepete mwa mtsinje mudzaona timizere tolembedwa 1846, 1856 ndi 1866, kusonyeza pamene madzi adafika m'zaka za chigumula.

Tsiku lomaliza ndilo lokoma kuposa onse. Pa Candes-Saint-Martin, Vienne amathira mu Loire. Pa Montsoreau mutha kukhota makilomita ochepa kukwera ku Fontevraud, nyumba yakale ya asisitere ndi ansembe kumene kudaikidwa mfumu Henry II ya ku England, mkazi wake Eleanor wa ku Aquitaine ndi mwana wawo Richard, ndipo pambuyo pake idasanduka ndende mpaka 1963. Kuchoka apo kupita ku Saumur phiri lonse ndi lobooka. Anthu adakumbamo mwala woyera wofewa umene adamangira nyumba zachifumu zija, ndipo mapanga otsalawo adawasandutsa nyumba zogona, mosungira vinyo ndi molimira bowa. Pa Souzay-Champigny njira ya njinga imalowa m'mapanga momwemo, kuzizira kwake kumakulandirani pakhomo. Chepetsani liwiro ndipo vulani magalasi a dzuwa musanalowe. Madzulo ku Saumur funsani fouées, timabuledi totupa totuluka mu uvuni wa nkhuni, timene mumating'amba n'kuikamo batala, nyemba kapena tchizi tikadali totentha.

Musasambe mu Loire

Masana otentha mtsinjewu umakopa: madzi osaya, mchenga woyera pakati. Mchengawo pansi pake madzi amakhala ataukumba, ndipo umagumuka munthu ataimapo n'kumugwetsera pakuya pothamanga madzi. Mu Julayi 1969 ana 19 adamira tsiku limodzi ku Juigné-sur-Loire, kufupi ndi Angers. M'malo ambiri kusamba n'koletsedwa, ndipo chikwangwani chake chimati "baignade interdite". Mukafuna kuziziritsa thupi funsani dziwe losambiramo la khonsolo, matauni ambiri a m'njirayi ali nalo.

Sitima ndi kubwerera

Njanji imayenda moyandikana ndi mtsinje kuchokera ku Orléans kudutsa Blois, Amboise, Tours mpaka Saumur, ndiye tsiku la mvula yamphamvu kapena wina akadwala, kwezani njinga mu sitima za m'deralo zotchedwa TER mukatsike pa tauni yotsatira. Yang'anani chitseko chokhala ndi chithunzi cha njinga, ndipo chotsani zikwama sitima isanafike chifukwa siima nthawi yaitali. M'miyezi yotentha pamakhala sitima zokhala ndi malo ambiri a njinga pakati pa Orléans ndi Le Croisic, koma nyengo yomweyo amafuna kuti malo a njinga musungitsiretu, choncho funsani pa siteshoni kapena onani pa SNCF Connect, tsamba la pa intaneti la kampani ya sitima, dzulo lake. Sitima zothamanga za TGV sizilandira njinga yosamasula pokhapokha pa maulendo ena, mutalipiriratu malo ake.

Njinga yobwereka mukaibweze ku Saumur pa ola limene mudagwirizana, osaiwala kuti shopu imeneyonso ikhoza kutseka pa nkhomaliro. Onetsetsani kuti pampu, loko ndi makiyi ake zalembedwa kuti zabwezedwa, kuti ndalama ya chikole imene adagwira pa khadi lanu aimasule. Ndege yobwerera kwanu ikhale ya tsiku lotsatira, osati la tsiku lomwelo, ndipo usiku womalizawo muuwerengere pa masiku amene mukupempha pa viza.